Chithunzi cha phiri la Zomba chisamabise zitsa

Anthu akaona zithunzi zathu za m'phiri la Zomba amakonda kufunsa kuti, "Kodi mwachiedita?" Yankho n'lakuti inde, ndipo masiku ano n'kovuta kupeza chithunzi chosakonzedwa. Ngakhale foni yanu, mukangodina, imawonjezera yokha kuwala, kukoleza mitundu ndi kusalaza nkhope musanaone n'komwe chimene mwajambula.

Chifukwa chake n'chakuti kamera siona monga diso. Mukaima pa Emperor's View, malo oonerapo patali pamwamba pa phirili, m'mamawa, diso lanu limaona pamodzi mitambo yowala ndi chigwa chimene chidakali mumthunzi, mpaka phiri la Mulanje kutali uko. Kamera imalephera kunyamula zonsezo nthawi imodzi: mitambo ikatuluka bwino, pansi pamada bii, ndipo pansi pakaoneka, kumwamba kumayera mbuu. N'chifukwa chake timajambula mu RAW, fayilo yosunga zonse zimene kamera yalandira, kenako pa kompyuta timatsitsa kuwala kwa mitambo ndi kuwalitsa mthunzi kuti chithunzi chifike pamene diso linali. Pamenepa palibe bodza. Chimodzimodzinso tikajambula mathithi a Williams Falls mosiya kamera yotseguka kwa sekondi imodzi kapena ziwiri, madzi n'kuoneka ngati nsalu yoyera yoyanikidwa pathanthwe. Madziwo analipo, thanthwelo linalipo.

Malire ali pa kuika chimene panalibe ndi kuchotsa chimene chinalipo, woona chithunzi osauzidwa. Mu 1982 magazini ya National Geographic inasendeza pafupi mapiramidi a ku Giza, ku Egypt, pa chithunzi kuti akwane pachikuto, ndipo mpaka lero nkhaniyo imatchulidwabe anthu akamaphunzira ntchito yojambula zithunzi. Koma bodza lina limachitika munthu asanadine n'komwe. Pa mpikisano wa Wildlife Photographer of the Year, umene umayendetsedwa ndi Natural History Museum ku London, José Luis Rodríguez anapambana mu 2009 ndi chithunzi cha mmbulu ukudumpha geti. Mu 2010 analandidwa mphothoyo, oweruza atatsimikiza mtima kuti mmbuluwo unali woweta. Mu 2018 chithunzi cha Marcio Cabral cha nyama yodya chiswe itaima pachulu usiku, m'nkhalango ya Emas ku Brazil, chinachotsedwa akatswiri atanena kuti chinali chikopa cha nyama yakufa chongoimika. Onse awiri anakana milanduyo. Mipikisano yotere imaitanitsa fayilo ya RAW kuti ione ngati palibe chowonjezera, koma fayilo sinena ngati nyama inali yamoyo kapena yoweta. Apo pamatsala mawu a wojambula basi.

Ife a ku Zomba nkhani imeneyi ikutikhudza kuposa mmene ambiri akuganizira, ndipo ndi pamene mtima wanga umawawa. Aliyense amene amakwera phiri lija akudziwa mmene mitengo yathera m'malo ambiri, kuti pamene panali paini pali zitsa, kuti chilimwe chikafika moto umatentha mapiri n'kusiya phulusa. Koma zithunzi zambiri zimene zikuyenda pa Facebook ndi pa WhatsApp zikuonetsa phiri lobiriwira mwaa. Zitsa zafufutidwa, utsi wa uvuni wa makala wachotsedwa, mabotolo otayidwa m'mbali mwa damu la Mulunguzi asowa, ndipo thambo la tsiku lachifunga lalowedwa m'malo ndi thambo la dziko lina. Pulogalamu ya pa foni imachita zonsezi ndi chala chimodzi.

Wojambula anganene kuti akungofuna kuti kwathu kuoneke bwino, alendo abwere. Ndimamumvetsa. Komatu madzi amene mzinda wa Zomba ukumwa akuchokera ku Mulunguzi komweko, ndipo mitengo ya m'phirimo ndi imene imasunga madziwo. Munthu wa ku Lilongwe amene ali ndi mphamvu zothandiza akaona phiri lokongola pa foni yake, adzadera nkhawa chiyani? Ndiponso chithunzi cha chilengedwe chimakhala umboni wojambula atapita kale. Nyanja ya Chilwa inauma mu 1995, ndipo inaphwanso kwambiri mu 2018. Zithunzi za mabwato atakhala pamatope ong'aluka ndi zimene zimatsimikizira ana athu kuti zinachitikadi. Amene adzafufuze za nkhalango ya Zomba zaka zikubwerazi adzatenga zithunzi zathu za lero n'kuwerenga mitengo imene ife tinaibzala pa kompyuta.

Sindikunena kuti wojambula alibe ufulu wolota. Ngati mukufuna kulumikiza mwezi wa tsiku lina ndi phiri la tsiku lina, kapena kusandutsa dzenje lakuya la m'phiri la Zomba lotchedwa Chingwe's Hole kukhala malo a m'nthano, chitani, ndi luso limenelo. Ingolembani pansi pake kuti chithunzichi n'chophatikiza. Mu 2023 Boris Eldagsen wa ku Germany anakana mphotho ya Sony World Photography Awards, n'kunena poyera kuti chithunzi chake chinapangidwa ndi AI, pulogalamu ya kompyuta yopeka zithunzi, sichinatuluke m'kamera. Mzere umodzi wotero ndi wokwanira kuti woona adziwe chimene akuyang'ana.

Pali china chimene mawu a pansi pa chithunzi sangakonze. M'nkhalango za Zomba, Malosa ndi Mulanje muli kambalame kachikasu kamene akatswiri amakatcha Yellow-throated Apalis, kosapezeka kwina kulikonse kunja kwa Malawi. Ojambula ena amaliza kulira kwa mbalame pa sipika mobwerezabwereza kuti iyandikire, ndipo yamphongo imasiya kudya n'kumalimbana ndi mdani amene kulibe. Ena amasadza nthambi zophimba chisa kuti anapiye aoneke bwino, kapena kuchotsa bilimankhwe pamtengo pake n'kumuika pa duwa. Chithunzicho chimatuluka chosaedita ngakhale pang'ono, fayilo yake ya RAW n'kukhala yoyera. Koma wojambula akalongedza kamera n'kutsika phiri, chisa chija chimatsala poyera, dzuwa likuwomba anapiye ndipo khwangwala akuchiona.