Khadi la njuga linasanduka bwanji "chida" chodzitetezera

Tengani khadi limodzi la njuga, muliponye monga muponyera mwala. Silipita kulikonse. Lipepeluka ngati tsamba louma n'kugwa pafupi ndi mapazi anu, mwinanso kumbuyo kwanu. Koma lipanikizeni pakati pa zala ziwiri, mupinde dzanja, kenaka mulifyanthule kuti lichoke likuzungulira. Kapepala komweko kayenda chopingasa mpaka kukagunda khoma, phaa! Chinsinsi chonse chagona pa kuzungulirako. Aliyense amene anaponyako kamwala kaphanthiphanthi panyanja kuti kadumphedumphe pamwamba pa madzi akudziwa kale zimenezi: chinthu chozungulira sichitembenuzika msanga, ndiye khadi limadula mphepo ndi m'mphepete mwake m'malo molimbana nayo ndi mimba yonse.

Luso limeneli silinayambire kunkhondo ayi. Linayambira m'nyumba za zisudzo za ku Ulaya ndi ku America, m'manja mwa anthu ochita matsenga a pa siteji. Tikati matsenga pano sitikunena za mankhwala kapena ufiti, koma changu cha manja chopusitsa maso, chimene anthu amalipira ndalama kuti akaonere. Mmodzi mwa amene anatchuka nalo ndi Alexander Herrmann, yemwe anabadwira ku Paris mu 1844 ndipo anamwalira ku America mu 1896. Herrmann ankaima kutsogolo n'kumaponyera makhadi anthu oonerera, ena mpaka kukafika kumipando ya pamwamba kwenikweni, kumene kunkakhala anthu olipira zochepa.

Mfundo ya mipando ya pamwambayi tisaidumphe, chifukwa ndi pamene pali chiyambi chenicheni. Nthawi imeneyo kunalibe zokuzira mawu kapena makanema akuluakulu oonetsa manja a munthu. Wokhala kutali sankaona bwino zimene zala zikuchita ndi makhadi. Koma khadi louluka kudutsa pamwamba pa mitu ya mabwana n'kudzagwera pamiyendo pake, limenelo ankaliona, n'kuligwira, n'kupita nalo kwawo. Howard Thurston wa ku Columbus, Ohio, yemwe anabadwa mu 1869, anaimvetsa bwino nkhaniyi. Ankadzitcha Mfumu ya Makhadi, ndipo anasindikizitsa makhadi akeake okhala ndi chithunzi cha nkhope yake ndi mawu ofunira munthu mwayi. Amenewo ndiwo ankamwaza m'holo. Kunena mosapsatira, kunali kutsatsa malonda. Munthu ankatola khadi, kukalionetsa kunyumba, mawa abale ake n'kubwera kudzagula matikiti. Lero makhadi a Thurston amasungidwa ndi anthu okonda zakale ndipo amagulitsidwa ngati zinthu zamtengo.

Amuna awiriwa anasiyanso mayina awo pa kagwiridwe. Ophunzira luso limeneli mpaka pano amanena za kagwiridwe ka Herrmann, komwe chala chachikulu ndi chapakati zimapana khadi pamene chamkombaphala chili pa ngodya, ndi kagwiridwe ka Thurston, komwe khadi limalowa pakati pa chamkombaphala ndi chapakati. Mkangano woti kabwino ndi kati sutha, monga zikhalira ndi amisiri.

Nanga za kudziteteza zinachokera kuti? Zinachokera kwa munthu mmodzi wanthabwala, Ricky Jay. Dzina lake lobadwa nalo linali Richard Jay Potash, wa ku Brooklyn, New York, wobadwa mu 1946. Matsenga anaphunzira ali kamwana kwa agogo ake aamuna, a Max Katz, omwe ankagwira ntchito yowerengera ndalama koma ankakonda zamakhadi. Jay atakula anakhala mmodzi mwa akatswiri a makhadi olemekezeka kwambiri m'nthawi yake, ndiponso wofufuza mbiri ya akathyali, otchova njuga mwachinyengo ndi anthu a zisudzo zachilendo. Ankasonkhanitsa mabuku ndi zikalata zakale za anthu oterewa. Choncho munthuyu ankadziwa bwino mmene bodza limavalira jekete kuti lioneke ngati choonadi.

Mu 1977 anatulutsa buku lotchedwa Cards as Weapons, kutanthauza makhadi ngati zida. Zaka zimenezo anthu ku America anali atapenga ndi karate ndi kung fu, ndipo mabuku ophunzitsa kudziteteza anali mbwee. Jay analemba lake m'kalembedwe komweko, nkhope ili gwaa, ngati mphunzitsi wamkulu amene akuulula chinsinsi cha makolo. Anaikamo mbiri yopeka, zithunzi zoseketsa ndi malangizo a mmene mungagonjetsere mdani ndi khadi. Chokoma chake n'chakuti pakati pa nthabwalazo panali maphunziro enieni a kagwiridwe ndi kaponyedwe, moti amene anawatsatira anaphunziradi kuponya. Apa ndiye panasokonekera anthu. Ngati theka la buku likunena zoona, owerenga ena amangomeza ndi theka linalo. Bukuli linasiya kusindikizidwa, ndipo makope akale amagulitsidwa madola mazanamazana.

Jay sanali wongolankhula. Analowa m'buku la Guinness, lolemba anthu oposa onse padziko pa zinthu zosiyanasiyana, ataponya khadi mtunda wa mafiti 190, pafupifupi mamita 58, pa liwiro la pafupifupi makilomita 145 pa ola. Pa siteji ankaponya khadi m'mwamba mopendeketsa kuti libwerere m'manja mwake, nthawi zina n'kulidula ndi sizasi likubwerera. Koma chimene anthu amamukumbukira nacho ndi vwende. M'chionetsero chake cha 1994 ku New York, chotchedwa Ricky Jay and His 52 Assistants, chomwe anachiyendetsa wolemba zisudzo David Mamet, ankaika vwende patebulo ngati mdani woopsa. Othandiza 52 otchulidwa m'dzinalo ndi makhadi a m'paketi imodzi. Ankayamba kulasa mbali yofiira ya m'kati, makhadi n'kumazikika mosavuta. Kenaka ankalitembenuza kuti alimbane ndi chikhungwa cholimba chakunja, uku akulankhula chizungu chapamwamba ngati pulofesa. Bambo wandevu, wovala suti, akulimbana ndi chipatso mwaulemu wonse: anthu ankaseka mpaka misozi. Ndipo khadi likazikika m'chikhungwamo, kuseka kunkasanduka kuwomba m'manja, poti zimenezo si zamasewera. Yesani nokha muone.

Ine ndimaona kuti kusankha vwende kunali nzeru zakuya. Vwende silithawa, silibwezera, ndiponso silivala malaya. Jay ankadziwa malire a chida chakecho kuposa wina aliyense, n'chifukwa chake adani ake onse anali zipatso ndi zidole.

Komabe mphekesera inakula yakuti katswiri akhoza kupha munthu ndi khadi. Mabuku a zithunzi ndi mafilimu anathirira moto: Gambit wa m'nkhani za X-Men, yemwe anayamba kuoneka mu 1990, amamenya nkhondo ndi makhadi ophulika. Nkhaniyi inafika mpaka ku pulogalamu ya pa TV ya MythBusters, komwe Adam Savage ndi Jamie Hyneman ankayesa zikhulupiriro zotchuka kuti aone ngati zili zoona. Anapanga makina otha kulavula khadi pa liwiro la pafupifupi makilomita 250 pa ola, loposa dzanja la munthu aliyense. Zotsatira zake? Kachilonda kakang'ono pakhungu, kotuluka timagazi pang'ono basi. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Khadi limalemera magalamu osakwana awiri. Chinthu chopepuka chotero, ngakhale chithamange bwanji, chilibe mphamvu yoboola mnofu n'kukafika pa chiwalo chofunika, ndipo chikagunda cholimba chimapindika. Malo okhawo amene khadi lingavulaze zenizeni ndi diso, choncho amene akuphunzira asamalozetse kunkhope kwa mnzake.

Mpikisano woponya khadi patali unapitirira popanda Jay. Mu 2002 Rick Smith Jr. wa ku Cleveland, Ohio, anaponya khadi mafiti 216 ndi mainchesi 4, pafupifupi mamita 66, kupitirira theka la bwalo la mpira. Smith anali woponya mpira m'timu ya baseball ya pa Cleveland State University, ndiye phewa ndi mkono zinali zozolowera kale ntchito. Iye anatengera lusoli ku mibadwo ya YouTube, komwe amadula nalo masamba ndi zipatso, kuzimitsa makandulo ndi kuphulitsa mabaluni, ndipo achinyamata a m'mayiko ambiri aphunzirira pa mavidiyo ake. Kaponyedwe kake n'kosiyana ndi ka akale. A Herrmann ndi a Thurston ankadalira kufyanthula kwa dzanja atavala suti ya madzulo, pamene Smith amaponya ndi thupi lonse ngati ali pabwalo.

Ricky Jay anamwalira ku Los Angeles mu November 2018 ali ndi zaka 72. Ambiri amene sanaonepo matsenga ake anamuonapo m'mafilimu osadziwa kuti ndi iye: m'filimu ya James Bond ya 1997, Tomorrow Never Dies, ndi amene anasewera Henry Gupta, katswiri wa makompyuta wa mbali ya adani. Nyuzipepala zolengeza imfa yake zinatchula mabuku ake a mbiri, mafilimu ake ndi ukatswiri wa zala zake, ndipo zambiri sizinaiwale kutchulanso vwende lija.