Si kutsekula m'mimba kulikonse kofuna maantibayotiki

Ambiri kuno ku Lilongwe m'mimba mukangotsekuka amathamangira kukagula Bactrim kapena cipro, poganiza kuti ndiye mankhwala ake. Komatu nthawi zina mankhwalawo ndi amene ayambitsa vutolo.

M'matumbo aakulu mumakhala mabakiteriya abwino otchinjiriza thupi. Maantibayotiki monga ceftriaxone, ciprofloxacin (cipro) ndi clindamycin amapha abwinowo, kenaka kachilombo ka Clostridioides difficile kamaswana n'kutulutsa poizoni wotupitsa matumbo. Munthu amatsekula zamadzimadzi katatu kapena kuposerapo patsiku, m'mimba mukupotokola, thupi likutentha, ngakhale patapita masabata angapo chimalizireni mankhwala. Okalamba ndi amene anagonekedwa m'chipatala ndiwo ali pachiopsezo kwambiri.

Zikatere musamwe loperamide, mankhwala oletsa kutsekula m'mimba, chifukwa amatsekera poizoni m'matumbo. Imwani Thanzi ORS, ndipo pitani kuchipatala chapafupi, monga Kawale kapena Area 25, mutanyamula buku lakuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene munamwa. Zikapitirira kapena kubwereranso, pemphani kalata yokutumizani ku Kamuzu Central kwa dokotala wa matenda a m'mimba, akayeze chimbudzi. Mankhwala ake ndi vancomycin wakumwa kwa masiku 10; komwe kulibe, metronidazole.

Sanitaiza sapha njere za kachilomboka. Sambani m'manja ndi sopo, chimbudzi muzitsuka ndi klorini.