Zipolopolo 20, liwiro limodzi

Mnzanga wina anandipeza ndili chiweramire pa sikelo, ndikuchotsa kanjere kamodzi ka wonga ndi kopanira. Anayang'ana kwa kanthawi, kenako n'kufunsa ngati mafakitale analeka kupanga zipolopolo. Iye ankaganiza kuti ife odzipangira zipolopolo za mpikisano timasaka zamphamvu kuposa zogula. Ndinamuuza kuti chimene chimandisowetsa tulo n'china: chipolopolo choyamba ndi cha nambala 20 zituluke mu mpope wa mfuti pa liwiro lofanana.

Gwero la nkhaniyi ndi mtunda. Mu mpikisano wa F-Class, womwe unayambira ku Canada ndipo chilembo F chinachokera pa dzina la George Farquharson, timawombera mpaka mayadi 1,000, omwe ndi mamita 914. Pa chandamale chimene amagwiritsa ntchito ku America, kabwalo ka pakati penipeni, ka X, n'kotambalala mainchi 5, pafupifupi masentimita 13. Bwalo la 10 ndi mainchi 10. Chipolopolo cha .308 Winchester chimatenga pafupifupi sekondi imodzi ndi theka kuti chikafike, ndipo paulendowo chimatsika mamita 8 mpaka 10 malinga ndi kulemera kwake ndi liwiro lake. Kutsikako pakokha si vuto, timakonzeratu pa galasi loyang'anira. Vuto limabwera chimodzi chikachedwa. Chikangochepa liwiro ndi gawo limodzi pa 100, kutsika kwake kumawonjezeka ndi magawo pafupifupi awiri pa 100. Pa mamita 9, amenewo ndi masentimita 18. Mfuti munaigwira bwino, mpweya munaugwira bwino, chala chinakoka bwino, koma chibowo chaoneka m'munsi, kunja kwa X, kunjanso kwa 10.

Chimene anthu amangochitcha chipolopolo chili ndi ziwalo zinayi. Pali chigoba cha brasi, chomwe owombera timati kesi. Kumatako kwake kuli pulaima, kabatani kamene kamathetheka moto pini ya mfuti ikakamenya. M'kati muli wonga. Kukamwa kuli mutu, womwe ndi wokhawo umauluka kupita ku chandamale. Kesi imatsala, ndipo ndi imene timaitola n'kuidzazanso. Izi zimatheka mosavuta chifukwa cha pulaima ya mtundu wa Boxer, yomwe ili ndi kabowo kamodzi ka moto pakati, moti kachitsulo kamangoikankha n'kutuluka. Ya mtundu wa Berdan ili ndi timabowo tiwiri ta m'mbali ndipo kuichotsa n'chintchito. Chodabwitsa n'chakuti Edward Boxer anali Mngelezi koma njira yake inafala ku America, pamene Hiram Berdan anali wa ku America koma yake inakakhazikika ku Ulaya.

Ongoyamba kumene amathamangira ku wonga. Ine ndimawabweza kaye ku kesi, chifukwa pamenepa ndi pamene liwiro limasiyanira mwakachetechete.

Mfuti ikalira, kesi imafufuma n'kudzaza chipinda chake. Kuti ilowenso, timaifinya mu chikombole chachitsulo chotchedwa die. Luso lili pa kufinya mochepa. Phewa la kesi, pamene imayamba kuchepa kupita kukamwa, timalibweza ndi mainchi 0.002 okha, kuchepa kuposa kunenepa kwa tsitsi la anthu ambiri. Mukalibweza kwambiri, kesi imatanuka nthawi iliyonse mukawombera, brasi imapyapyala chakumatako, ndipo tsiku lina imaduka pawiri m'kati mwa mfuti. Imayamba yachenjeza: pamaoneka kamzere kowala kozungulira chakumunsi. Kesi yotero ndi yotaya, ngakhale munaigula modula.

Kenako pali khosi. Khosi la kesi ndi limene limagwira mutu, ndipo nalonso timalisiya lothina ndi mainchi pafupifupi 0.002. Likagwira mwamphamvu pa chipolopolo ichi, mofooka pa chinacho, wonga sukhala ndi nthawi yofanana youkira mutu usanasunthe, ndiye liwiro limasiyana. Brasi ili ndi khalidwe la waya: mukamaipinda mobwerezabwereza imauma, kenako imang'aluka. N'chifukwa chake timawotcha khosi ndi phewa kuti zifewenso, ena ndi lawi la gasi, ena ndi makina a magetsi. Moto suyenera kufika kumatako. Kumeneko kumafunika kukhale kolimba, ndipo kesi yofewa matako ndi ngozi yeniyeni. Mukamakanikiza mutu mu kesi, dzanja limamva. Pa makesi 50 okonzedwa bwino, chogwirira cha makina chimatsika ndi kulemera kofanana. Ikapezeka imodzi yolowa mopepuka kapena molimba, ndimailemba ndi inki n'kuipatula kuti ndidzaiwombere poyeserera.

Zina n'zachidule. Kesi ikatalika timaidula kuti ibwerere pa muyezo. Makesi a fakitale imodzi, a gulu limodzi, owomberedwa maulendo ofanana, amayendera limodzi. Kusakaniza a Lapua ndi a kampani ina n'kudzinamiza, chifukwa kukula kwa m'mimba mwawo kumasiyana.

Tsopano wonga. Wonga wamakono, wopanda utsi wambiri, unayamba ndi Paul Vieille ku France mu 1884, ndipo lero ulipo wa mitundu yambirimbiri, wina woyaka msanga, wina pang'onopang'ono. Timauyeza mu ma grain. Grain imodzi ndi magalamu 0.065, ndipo mu paundi imodzi muli 7,000. Sikelo wamba ya odzaza zipolopolo imawerenga mpaka 0.1, pamene za mu labotale zimafika 0.02, komwe ndi kulemera kwa kanjere kamodzi ka wonga wooneka ngati timitengo.

Muyezo wa wonga sindilemba pano, ndipo wina akakuuzani wake pakamwa musautengere. Mfuti ziwiri za mtundu umodzi sizilandira mofanana. Poyambira ndi buku la opanga wonga kapena mitu, lomwe miyezo yake anaiyesa ndi zipangizo zoyezera mphamvu ya mpweya. Mumayamba pa muyezo wotsika wa m'bukumo, n'kumakwera pang'onopang'ono, osapitirira wapamwamba. Bungwe la SAAMI ku America ndi la CIP ku Ulaya ndi amene amaika malire, ndipo kwa .308 Winchester malire a SAAMI ndi 62,000 psi, kutanthauza mphamvu ya mpweya yokankha mapaundi 62,000 pa inchi iliyonse ya sikweya. Mphamvu yonseyo imakhala pafupi ndi tsaya lanu. Pa benchi pamakhala chitini chimodzi chokha cha wonga, chifukwa wonga wa pisito, mfuti yaing'ono ya m'manja, ukalowa mu kesi ya mfuti yaitali, mfutiyo imaphulika. Magalasi oteteza maso savulidwa pogwira mapulaima, ndipo m'manja timasamba chifukwa cha mtovu. Nawo malamulo amasiyana: mayiko ena amafuna chilolezo chapadera chosungira wonga, ena salola n'komwe kudzidzazira.

Ine ndinaphunzira za kutentha mochititsa manyazi. Ndinapeza muyezo wokongola m'mawa wina wozizira, uli pafupi ndi malire a m'buku. Patapita miyezi ndinapita nawo ku mpikisano tsiku lotentha, bokosi n'kulisiya padzuwa. Chachitatu chitalira, bawuti wa mfuti, chitsulo chotsekera chipinda cha chipolopolo, anakana kutukuka mpaka ndinachita kumumenya ndi chikhatho. Nditatembenuza kesi, pulaima inali itaphwatalala, ndipo pa brasi panali kachipsera kowala. Wonga wotentha umayaka mwaukali. Ndinanyamula katundu wanga ena akupitiriza, ndipo madzulo ake ndinakhala pansi kuzula mitu yonse yotsala.

Mutu tikamaukhazika, sitiyeza kuchokera kunsonga, chifukwa nsonga za mitu ya mpikisano monga Sierra MatchKing kapena Berger sizilingana ndendende. Timayeza pamapewa a mutu, pamene umayamba kukhudza mizere ya mu mpope, imene imazunguza mutu ukamatuluka. Kadanga kamene mutu umalumpha usanagwire mizereyo kamasintha mmene zibowo zimaunjikirana, ndipo mfuti iliyonse ili ndi kamene imakonda. Kadangako sikakhalitsa. Moto umadya khosi la mpope, moti pakatha zipolopolo mazana angapo mumayezanso.

Zonsezi amaweruza ndi chronograph, chipangizo choyeza liwiro. Masiku ano zambiri zimagwiritsa ntchito radar, mumangochiimika pambali pa mfuti. Chimapereka manambala awiri amene timakangana nawo kwambiri. ES ndi kusiyana kwa chothamanga kwambiri ndi chochedwa kwambiri. SD imasonyeza mmene zonse zamwazikira kuzungulira liwiro la pakati. Ambiri timasangalala SD ikakhala pansi pa mafiti 10 pa sekondi. Koma apa ndi pamene anthu anzeru amadzipusitsa. Munthu amawombera zitatu, zibowo n'kugundana, iye n'kujambula chithunzi, n'kulengeza kuti wapeza. Zitatu sizinena kanthu. Ngakhale zipolopolo zoipa zimatha kugwirizana katatu mwamwayi. Mpikisano umafuna 15 kapena 20 motsatizana, mpope ukutentha, ndiye muyezo uyesedwenso ndi chiwerengero chotero, makamaka pa masiku osiyana. Ndikudziwa kuti n'zodula ndipo zimadya moyo wa mpope. Komabe ndaona anthu akusintha pulaima, wonga ndi kadanga sabata iliyonse pothamangitsa mwayi wa zibowo zitatu, mpaka mpope kutha asanalowe mu mpikisano ndi umodzi womwe.

Kunena chilungamo, mnzanga uja sanalakwitse kwenikweni pondiseka. Kanjere kamodzi kaja kamasintha liwiro la .308 ndi fiti imodzi kapena kupitirira pang'ono pa sekondi, zomwe pa mayadi 1,000 ndi pafupifupi sentimita imodzi. Pamene mphepo yodutsa m'mbali pa makilomita 16 pa ola imakankha chipolopolo chomwecho mamita oposa awiri. Mukaiphonya ndi kilomita imodzi ndi theka yokha pa ola, mwasochera ndi masentimita pafupifupi 20. Ntchito ya pa benchi imachepetsa kumwazika kopita m'mwamba ndi m'munsi. Kumanzere ndi kumanja n'kwa maso anu, mbendera za pabwalo ndi kunyezimira kwa mpweya wotentha komwe mumakuona m'galasi.

Ubwino wa zipolopolo zofanana n'ngwakuti mukaphonya mumadziwa cholakwa. Chibowo chikapita kumanja, simuyamba kukayikira wonga, mumadziwa kuti mphepo yatembenuka ndipo mumakonza pa chotsatira. Ndiye kopanira wanga sindinamutaye. Koma wophunzira akabwera kudzafunsa sikelo ya labotale yoti agule, ndimayamba ndamufunsa kuti mwezi uno wagona kangati pabwalo mphepo ikuwomba.