Mpweya wozizira umathera kudenga

Bilu ya magetsi ikakwera nyengo yotentha, eni nyumba ambiri amathamangira kunena kuti makina oziziritsa mpweya m'nyumba akalamba, agule ena. Ine akandiitana pakhomo potere, ndimayamba ndapempha makwerero. Ndimakwera kudenga, kumene kumadutsa mapaipi otengera mpweya m'zipinda.

Makina atsopano amabwera ndi nambala ya SEER, yosonyeza kuzizira komwe amapereka poyerekeza ndi magetsi omwe amadya. Nambalayi amaipeza poyesa makina aukhondo, mpweya ukuyenda mosatsekereza. M'nyumba zokhalamo anthu zinthu sizikhala choncho. Pulogalamu ya ENERGY STAR ya boma la America imati m'nyumba wamba, mpweya 20 mpaka 30 pa 100 aliwonse umatayikira m'njira chifukwa cha mapaipi obooka kapena olumikizidwa mwachisawawa. Ndinapezapo paipi itaguluka pamfundo, tepi yake itauma n'kumatuka, mphepo yozizira ikugwedeza ulusi wa akangaude pamene pabalaza ana akuchita thukuta. Mwini nyumba ankalipirira magetsi oziziritsa denga! Malo otere timamata ndi mastic, phala lomwe likauma silimatuka ngati tepi wamba, kenako timakutira paipiyo kuti isatenthedwe ndi denga.

Sefa ya mpweya wolowa m'makinawa nayo. Ikadzaza fumbi, mpweya wodutsa pa koyilo (timapaipi tozizira tomwe timaziziritsa mpweyawo) umachepa, koyiloyo imatha kuundana madzi, ndipo kompuresa, pampu yozunguza gasi woziziritsa m'makinawa, imangolira nthawi yaitali popanda phindu. Sefayo muziitulutsa mwezi uliwonse n'kuiyang'anitsa powala. Ngati kuwala sikukudutsa, yakwana yosintha. Kutseka timazenera ta mpweya m'zipinda zosagonamo anthu, komwe ambiri amati n'kupulumutsa magetsi, kumangopanikiza mpweya m'mapaipi, ndipo wambiri umatulukira m'ming'alu ija.

Pali chikhulupiriro china chomwe ndimalimbana nacho kawirikawiri, choti makina aakulu ndiye abwino. Makina oposa msinkhu wa nyumba amaziziritsa msanga n'kuzima asanachotse chinyezi. Mumamva kuzizira koma thupi lili nyatanyata, ndiye mumatsitsanso thermostat, kachipangizo kosankhira mlingo wa kuzizira, magetsi n'kumapita. Pajatu Willis Carrier atapanga makina oyamba amakono oziziritsa mpweya mu 1902, vuto lomwe ankathetsa linali chinyezi chomwe chinkasokoneza mapepala pamalo osindikizira ku Brooklyn. N'chifukwa chakenso fani ya makinawa ndi bwino kuisiya pa "auto". Ikakhala pa "on" imapitiriza kuuzira pa koyilo yonyowa kompuresa itazima, n'kubwezera chinyezi chija m'nyumba.

Kutsitsa thermostat kufika pa madigiri 16 sikufulumizitsa kuzizira pa makina ambiri, kumangowachedwetsa kuzima. Ikani pa 25 kapena 26, muyatse fani ya kudenga m'chipinda chomwe mwakhalamo, ndipo mukamatuluka muzimitse, poti fani imaziziritsa khungu la munthu basi.

Panja, chotsani masamba ndi udzu pa makina otulutsa kutentha, musiye mpata wa masentimita pafupifupi 60 mbali zonse. Za gasi woziziritsa wa m'makinawa zisiyireni mmisiri. Gasi satha ngati mafuta a galimoto, choncho akakuuzani kuti wachepa, mufunseni kuti akudontha pati asanawonjezere wina.