Musiyeni wanjinga, jambulani nambala

Mwezi sutha ndisanalandire foni yoyamba ndi mawu awa: "Aloya, m'bale wathu wagundidwa ndi njinga yamoto, ndiye wanjingayo akukana kulipira, timutani?" Ndikangomva choncho ndimadziwiratu kuti masabata apita kale. Anthu akhala akuthamangitsana ndi mnyamata woperekera zakudya amene m'thumba mwake mulibe ngakhale ya lendi, pomwe khomo limene kuli ndalama palibe wagogodako.

Kuno si kwathu kumene wakabaza akakugundani mumamugwira malaya mpaka abale ake asonkhe. Kuyambira pa 1 Ogasiti 2008, munthu wovulala pa ngozi ya pamsewu ku South Africa sangasumire woyendetsa kapena mwini galimoto kuti amulipire chifukwa cha kuvulala kwa thupi. Wolipira ndi Road Accident Fund, imene tonse timangoti RAF, thumba la boma lodzazidwa ndi msonkho wa pa mafuta. Pa lita iliyonse ya petulo kapena dizilo pamachoka ndalama yopitirira R2 kupita kumeneko. Pa lamulo la RAF la 1996, njinga yamoto ndi galimoto ngati ina iliyonse. Kaya ili pa inshulansi kaya ayi, inu woyenda pansi sizikukhudzani. Zimene mungamulondole nazo wanjinga ndi foni yosweka ndi zovala zong'ambika, chifukwa RAF silipira katundu, ndipo zimenezo ndi za ku Small Claims Court, khoti la milandu ing'onoing'ono ya ndalama, kumene sikufunika loya. Musandiimbire za foni.

Pali bambo wina amene nkhani yake imandisowetsabe mtendere. Ankagwira ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga m'nyumba za kumpoto kwa tauni ya Johannesburg, n'kumagona ku Rosettenville. Madzulo ena atatsika taxi, akuwoloka, njinga yoperekera zakudya inatulukira kuseri kwa taxi ina n'kumuthyola mwendo m'munsi mwa bondo. Wanjinga sanathawe. Anavula chipewa chake chija n'kuyamba kulira m'Chichewa. Anali mwana wakwathu. Anthu amene anasonkhana, ambiri akwathu komweko, anamvana pompo kuti nkhani ya pachibale isafike kupolisi, mwana angataye ntchito, mwinanso n'kukathera ku Lindela, kumene amasungira alendo opanda mapepala asanawabweze kwawo. Mawa lake akuluakulu anakhala pansi, mnyamata anagwada, anapereka R1,500, n'kulemba pa kapepala kuti ina ibwera pakutha pa mwezi. Pa anthu onse aja, aliyense foni ili m'manja, palibe anajambula nambala ya njinga. Mnyamatayo ankangomudziwa ndi dzina la pa WhatsApp, ndipo ndi lomwelo anasayina pa kapepala.

Kuchipatala bambo aja, poopa za mapepala, anatchula dzina la msuweni wawo amene anali ndi pemiti. Anawaika zitsulo, anatuluka, mwendo sunagwirane bwino, anapita kumudzi kukayesa zachikuda. Anafika mu ofesi mwanga patatha zaka ziwiri ndi miyezi inayi, akutsimphina, ntchito yogwada ndi kunyamula wilibala atalephera.

Nayi nthawi imene lamulo limapereka, ndipo RAF ilibe chisoni pamenepa. Ngati woyendetsa kapena mwini njinga akudziwika, muli ndi zaka 3 kuchokera tsiku la ngozi kuti pempho lanu lifike ku RAF. Ngati onse awiri sakudziwika, ndi zaka 2 basi. Bambo aja akanakhala ndi nambala ya njinga, tikanapeza mwini wake m'kaundula wa galimoto, ndipo tikanatsala ndi miyezi 8 yoti tithamange. Ndinayesa. Nambala ya foni ya mnyamata inali itafa kalekale, akuluakulu amene anaweruza aja wina anasamukira ku Cape Town, wina anati sakukumbukanso. Pamaso pa lamulo, njinga imene inaima, woyendetsa wake n'kugwada n'kupepesa, inasanduka yofanana ndi imene inagunda n'kuthawa.

Sindikunamizeni kuti wanjinga sangaone vuto nkhani ikafika kupolisi. Angathe kutsegulidwa mlandu woyendetsa mosasamala, ndipo ngati alibe laisensi ndiye yake ina. Koma lamulo la pamsewu limamulamula iye mwini kuima, kuthandiza wovulala, kupereka dzina ndi adiresi, ndi kukanena kupolisi pasanathe maola 24. Mukamamubisa, mukusinthanitsa mwendo wa munthu wa ana ndi R1,500. Akapanda kukanena iye, pitani inu, kapena tumani m'bale mukadali pa bedi. Ku SAPS, polisi ya dziko lino, kapena kwa a JMPD, apolisi a mzinda wa Johannesburg, amalemba lipoti la ngozi n'kukupatsani nambala yake, imene amati AR. Nambala imeneyo, nambala ya njinga, ndi mafoni a mboni ziwiri zimene sizisamuka mawa, monga wogulitsa pa kona kapena mlonda wa pa geti, zimandithandiza kuposa tsamba lonse la madandaulo. Ngati pali shopu yokhala ndi kamera pafupi, pemphani sabata yomweyo, chifukwa zojambulidwa sizisungidwa nthawi yaitali.

Tsono za mapepala, chifukwa ndi pamene mantha onse agona. Lamulo la RAF limanena za "munthu aliyense" wovulala, silitchula nzika. Mu 2022 boma linasintha fomu yopemphera ndalama ku RAF kuti mlendo azisonyeza kuti anali m'dziko movomerezeka pa tsiku la ngozi. Mu 2024 High Court ya ku Pretoria inathetsa zimenezo, n'kunena kuti mawu aja akuphatikiza ngakhale wopanda mapepala. RAF sinakondwe ndipo inapitiriza kulimbana nazo m'makhoti, choncho wopanda pemiti ayembekezere kukokanakokana ndipo asapite yekha. Koma za mapepala loya angathe kuzimenyera. Chimene sindingakonze ndi fayilo ya kuchipatala yolembedwa dzina la munthu wina. Fomu yopemphera ija, imene amati RAF 1, ili ndi gawo lodzazidwa ndi dokotala amene anakuthandizani, kuchokera m'fayilo imeneyo. Mukauza RAF kuti wovulala ndi inu pomwe chipatala chikuti ndi msuweni wanu, mwawapatsa chifukwa chokanira chimene sanachivutikire. Kaya akutengerani kuchipatala cha Charlotte Maxeke, ku Helen Joseph, ku South Rand kapena ku Baragwanath, tchulani dzina la pa pasipoti yanu, ndipo onetsetsani kuti alemba kuti munagundidwa ndi njinga yamoto, osati "anagwa".

Ndalama zake n'zotani? Zimene mwawononga kuchipatala, malipiro amene mwataya muli chigonere, ndi amene mudzataye m'tsogolo ngati thupi silibwereranso mwakale. Za chithandizo cha m'tsogolo nthawi zambiri sakupatsani m'manja, amakupatsani kalata yolonjeza kuti azidzabweza mukalandira chithandizocho. Chipukuta misozi cha ululu weniweniwo, chimene aliyense amafunsa poyamba, chimaperekedwa pokhapokha kuvulala kuli kwakukulu. Dokotala wophunzitsidwa kuyeza zimenezi amadzaza fomu ya RAF 4, ndipo thupi liyenera kukhala litawonongeka ndi 30 peresenti kapena kupitirira, apo ayi pakhale chilema chokhalitsa, zipsera zoipitsa maonekedwe kotheratu, kusokonezeka kwa mutu kwa nthawi yaitali, kapena kupita padera. Kusupuka ndi kutupa kwa sabata ziwiri sikulowa. Amene akukuuzani kuti bondo lotupa ndi miliyoni akufuna siginecha yanu.

Ogwira maganyu amandiuza kuti alibe payslip ndiye basi. Ayi. Kalata ya abwana, mauthenga a pa foni okuitanani kuntchito, malisiti a Mukuru osonyeza zimene munkatumiza mwezi ndi mwezi, zonsezo ndi umboni. Malisiti omwewo ndi amene amathandiza mayi ndi ana otsala kumudzi munthu akamwalira, chifukwa RAF imalipiranso amene ankadalira malemuyo, pamodzi ndi zofunika za maliro. Musataye.

Ngati munawoloka loboti ili yofiira, kapena mahedifoni ali m'makutu, musabise kwa loya wanu. Kulakwa kwanu kumangochepetsa ndalama, sikuithetsa, bola wanjinga nayenso analakwitsa penapake. Akati mbali yanu ndi 30 peresenti, pa R100,000 mulandira R70,000.

Za asing'anga sindilimbana nazo, aliyense ndi chikhulupiriro chake. Chimene ndikunena n'chakuti mukasowa kuchipatala chaka chathunthu, fayilo imaoneka ngati munachira. Mphini sizilowa mu RAF 4.

Koma amene amandikwiyitsa kwambiri ndi madobadoba a m'mawodi. Munthu sanatsitsimuke bwinobwino, wina wafika kale ndi juwisi ndi mapepala, akulankhula Chichewa chokoma, akuti "tisayinireni apa, ankolo, zonse tikupangirani". Ena mwa iwo amagulitsa mayina kwa maloya, ena si a loya aliyense. Loya weniweni amapezeka m'kaundula wa Legal Practice Council, bungwe loyang'anira maloya, ndipo mungathe kufufuza nokha pa intaneti. Mgwirizano woti mudzalipira mukapambana uyenera kukhala wolembedwa, inu n'kutenga kope yanu. Lamulo la 1997 limaika malire: loya sangadye kupitirira 25 peresenti ya ndalama zanu, kapena kuwirikiza kawiri malipiro ake a nthawi zonse, kutengera chimene chili chochepa. Wina akati theka, dzukani. Wina akafuna ya "kutsegulira fayilo ku RAF", dziwani kuti kupereka pempho kumeneko n'kwaulere, ndipo munthu angathe kukapereka yekha, ngakhale pa kuvulala kwakukulu sindingakulangizeni kutero.

Pempho likalowa, RAF imakhala ndi masiku 120 tisanaloledwe kuitengera kukhoti, ndipo masamoni ayenera kuperekedwa zaka 5 zisanakwane kuchokera tsiku la ngozi. Milandu imeneyi imatenga zaka, makhoti a ku Gauteng ndi odzaza. M'zaka zimenezo anthu amasintha simu, amasamuka, amapita kumudzi osatsanzika, ndiye tsiku lokaonana ndi dokotala likafika timasowa wowaimbira. Siyani nambala ya m'bale wina amene sasinthasintha.

Bambo a ku Rosettenville aja, nditawafotokozera zonse, anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa ngati msuweni wawo sangakapemphe ndalamazo, poti dzina la m'fayilo ndi lake. Ndinawauza kuti kumeneko ndi kundende kwa onse awiri, ndiponso zaka 2 zija zinatha kwa aliyense. Anapinda kapepala ka mnyamata kaja n'kukabwezera m'thumba la jekete. Ina ya pakutha pa mwezi ija sanailandire.