Jakisoni wa pamsana pobereka: mantha asakuchedwetseni

Amayi oyembekezera, abambo ndi magadiyani, ku sikelo ndi m'zidikiro mukumveka mphekesera yoti jakisoni wa pamsana amene timabaya potulutsa mwana pa opaleshoni amapha miyendo mpaka kalekale. Chifukwa cha mawu amenewa mayi amakana kusayina, gadiyani n'kumaimba foni kumudzi kudikira mwini mbumba, mwana akubanika m'mimba. Chimene ife azaumoyo timaopa ndi kuchedwa kumeneko.

Ululu wa matenda umabwera chifukwa chiberekero chikukungika ndipo khomo lake likutseguka mpaka masentimita 10. Kuyendayenda, kusisitidwa m'chiuno ndi kupuma mozama zimathandiza. Ululu ukanyanya, anamwino akhoza kubaya pethidine, koma osati mwana atatsala pang'ono kubadwa, chifukwa amatuluka wofooka, wovutika kupuma. Njira ikang'ambika, amabaya lignocaine, mankhwala ochititsa dzanzi, pamalopo asanasoke. Asakusokeni mukumva, lankhulani.

Wa pamsanayu amayenda chonchi. Amakuikani diripi, mumakhala pabedi n'kuwerama msana. Wogonetsa odwala amatsuka khungu, n'kulowetsa singano yopyapyala kumunsi kwa msana, pakati pa mafupa awiri, mulingo wa m'chiuno. Mtsempha waukulu wa msana umathera pamwamba pa malo amenewo, singano siufika. Mankhwala ake, bupivacaine, ndi ochepa, sadzaza n'kasupuni ka tiyi komwe. Pakatha mphindi 5 mpaka 10 miyendo imatentha, imalemera, dzanzi limakwera kufika m'chifuwa. Mumamva kukoka ndi kukankha koma osati mpeni, ndipo muli maso, mwana akalira mumamumva. Dzanzi limatha pakapita maola 2 mpaka 4, miyendo n'kuyambanso kusuntha.

Zovuta zilipo. BP imatha kutsika, mayi n'kuchita nseru kapena chizungulire; diripi ndi mankhwala zimakonza pomwepo. Ena mutu umawapweteka tsiku lotsatira, umakula akadzuka, umachepa akagona. Gonani, imwani madzi ndi paracetamol, ndipo auzeni anamwino. Kuwonongeka kwa mitsempha chifukwa cha singano n'kosowa kwambiri. Mayi amene munamuona akukoka phazi atachira, nthawi zambiri matenda ake anatalika, mutu wa mwana unapanikiza mitsempha ya m'chiuno kwa maola ambiri. Kupanikizika komweko ndi kumene kumaboola chikhodzodzo, mkodzo n'kumangotuluka. Ziwirizi zimabwera ndi kuchedwa. Pakhomo pa fiyeta, chipinda cha opaleshoni, si pokambirana mphekesera.

Ena amati bola angondigonetsa ndisadziwe kanthu. Kwa mayi woyembekezera kugonetsedwa thupi lonse n'koopsa kuposa: chakudya cha m'mimba chimatha kubwerera n'kulowa m'mapapo, ndipo kulowetsa chubu chopumira kumavuta. Timasankha njira imeneyi pokhapokha wa pamsana akakhala wosayenera, monga magazi akatayika ambiri kapena akamakanika kuundana.

Musanalowe, nenani nthawi imene mwadya komaliza, mankhwala amene mumamwa, ndiponso ngati mwamwa mwanamphepo. Musabise. Mwanamphepo amakunga chiberekero mopyola muyezo mpaka kuphulika, ndipo dokotala akadziwa msanga amakonzeratu magazi.

Nkhani ya opaleshoni ikambiraneni pabanja mimba ikadali yaing'ono, mafunso mukafunse ku sikelo. Tsikulo dokotala akati mwana watopa, wosayina ndi mayi mwini wake, ndipo asayine nthawi yomweyo.