Gaudeamus igitur si nyimbo ya kutchalitchi

Zaka zikupita ndikumvabe anthu akunena kuti Gaudeamus igitur, nyimbo imene makwaya a m'mayunivesite ambiri amayimba pa mwambo wopereka madigiri, inachokera kutchalitchi. Akuti poti ndi ya Chilatini ndipo imamveka yaulemu. Nkhani imeneyi yanditopetsa.

Nyimboyi ndi ya ophunzira a ku Germany, ndipo ankayiyimba pocheza, makapu a mowa ali m'manja. Mawu amene amayimbidwa masiku ano anasindikizidwa mu 1781 mumzinda wa Halle ku Germany komweko, m'buku la nyimbo za ophunzira. Nthawi imeneyo Chilatini chinali chiyankhulo cha maphunziro apamwamba ku Ulaya, osati cha ansembe okha. Uthenga wake ndi wakuti tisangalale tikadali achinyamata, poti ukalamba ukatha nthaka idzatilandira tonse. Ndime zina zimatamanda aphunzitsi, atsikana okongola ndi dziko. Pamwambo amangotapa ndime ziwiri kapena zitatu zoyenera pamaso pa makolo, n'chifukwa chake ambiri sazindikira.

Musanatumizire anzanu nkhani yotere pa foni, pezani kumasulira kwa ndime zonse muwerenge nokha. Onaninso chaka chimene nyimboyo inasindikizidwa ndi mtundu wa buku limene inatulukamo, kapena funsani mphunzitsi wa nyimbo.